Ndalama zanu sizinabedwe ku Mangochi

Amayi a banki m'khonde ya kwathu ku Ndirande, ndinakunamizani. Ndinati ndalama zanu zinabedwa m'depoti ya Mangochi. Palibe anandibera.

Munandituma ku Chembe mu July kuti ndikaode usipa wouma, poti wa mu Limbe unkakudulirani. Ndinayenda bwino kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, n'kutsika pamphambano ya Cape Maclear tisanalowe mu Monkey Bay. Nditafika ku Chembe, asodzi anati usipa udakali pathandala, uuma mawa. Poti nyanja ndinali ndisanaionepo chibadwire, mtima sunakhazikike. Ndinakaona manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika ndi Robert Laws mu 1875, malungo n'kuwasamutsira ku Bandawe mu 1881. Ndinafikanso pa Otter Point, pamene nsomba za mbuna zimasewera m'miyala, madzi ake oyera ngati a m'ndowa. Chikwama cha ndalama zanu chinali m'chiuno mwangamu.

Chimene chinandikola ndi chilumba cha Thumbi. Chimaoneka pafupi kwambiri. Boti la injini ndinaliona kudula, ndiye ndinapangana ndi mnyamata wina wa bwato. Gogo wina amene ankasoka ukonde anandiitana.

"Achimwene, mwera wayamba. Pano mapiriwa akutitchinga, koma mukangotuluka ukukankhirani kwakuya. Dikirani m'mawa."

"Zikomo agogo, tingofika n'kubwerera."

Zinachitika monga ananenera. Titafika pakati, mafunde anayamba kulowa m'bwato. Mnyamata uja anakuwa kuti ndisagwedezeke, koma mantha anandidzutsa, bwato n'kugudubuzika. Kusambira sindidziwa. Anandigwira kolala mwana uja, mpaka boti lina lochokera kuchilumba linatitola. Lamba wa chikwama ndinamasula ndekha m'madzimo, chifukwa ankandikola pa bwato. Foni inapita limodzi.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndinaika moyo wa mwana wa eni pachiswe, iye osandidandaulira ngakhale pang'ono. Amayi ake ndi amene anandipatsa nsima ndi ndalama yokwerera mpaka ku Mangochi. Bodza ndinalipeka m'minibasi, ndikuganiza za nkhope zanu, ndipo munandikhulupirira mpaka kundipepesa.

Wanga ndi mlandu, si tsoka ayi. Ndidzabwera pamsonkhano wa Loweruka kudzanena zimenezi pamaso panu, ndipo ndalamazo ndizibweza mwezi ndi mwezi kuchokera pa malipiro anga. Amayi anga, ndikhululukireni.