Chizungu Chouma, Landira Ulemu Wako

Tiyeni tivule zipewa, anthu a ku Chadiza, tilemekeze chinthu chimene chasunga mtendere m'boma lathu lino kuposa mabwalo onse a milandu. Ndikunena Chizungu chouma chija, chimene munthu amachitchera makutu onse awiri koma osatolapo kanthu. Chizungu chogulira sopo ku Chipata chilibe ulemerero, ngakhale mwana wa giredi 7 amachithyola. Ine ndikutamanda cha pamsonkhano, chovala tayi, chimene chimatsika m'galimoto yoyera chitanyamula botolo la madzi.

Taonani ntchito yake. Mlimi wa kwa Mlolo kapena kwa Zingalume waimirira, chipewa m'manja, wafunsa kuti fataleza afika liti popeza mvula yagwa kale. Funso lotere likayankhidwa m'Chichewa lingabutse chipolowe, chifukwa Chichewa n'chosaleredwa bwino. Ukati "mawa", anthu amabweradi mawa, ngolo atamanga kale. Koma bwana amakonza kukhosi n'kunena kuti nkhaniyi ndi technical, ma modalities akali kukonzedwa, ndipo ma logistics adzadziwika in due course. Pomwepo bata. Wofunsa uja amakhala pansi, ena mpaka kuwomba m'manja. Palibe wanamizidwa, pakuti palibe wauzidwa kanthu.

Ngwazi yeniyeni pa tsikuli ndi womasulira. Bwana amalankhula mpaka mthunzi wa mtengo kusuntha, manja akujambula m'malere, mapepala akutembenuzidwa. Womasulira amamvetsera thukuta lili chuchuchu, kenaka amatembenukira anthu n'kuti: "Akuti tidikire." Bwana amayambanso, tsopano mokweza, ma stakeholder ndi ma framework akuthamangitsana. Womasulira: "Akuti tidikirebe." Ulendo wachitatu bwana amavula magalasi n'kulankhula motsitsa, moti amayi ena amayesa kwagwa maliro. Womasulira: "Akuti zikomo pobwera." Munthu ameneyu ngofunika mendulo. Amadziwa kuti akayerekeza kumasulira liwu ndi liwu, anthu azindikira kuti munalibe kanthu, ndipo ulendo wina sadzaitanidwanso kukadya nkhuku ya alendo.

Eni ake a chilankhulochi sanagone. Anasonkhanitsa mawu ambiri ongotanthauza chinthu chosamveka kapena chosalowereka: opaque, obscure, abstruse, inscrutable, impenetrable. Luso lake n'lakuti mawu okuuza kuti nkhaniyi njovuta kumva, nawonso ngovuta kumva, ndiye umaphonya kawiri pa mtengo umodzi. Onse asanu mizu yake ili ku Chilatini, zomwe zimandikhazika mtima pansi, chifukwa zikuonetsa kuti makolo a Azungu nawonso anakhalapo pamsonkhano wa eni ake akugwedeza mitu osamva kanthu.

Kwathu mawuwa amasungidwa ndi aneba anga, ahedi opuma pantchito. Mbuzi zawo zikadya chimanga cha munthu, mwini munda amabwera atalusa. Ahedi amamulandira pakhonde, n'kumuuza modekha kuti makhalidwe a mbuzi ndi inscrutable, ndipo nkhani ya malire a mundawo ndi abstruse. Wodandaula uja amabwerera atapepesa, mwina atasiyanso moni wa mayi. Mbuzi zonenepa kwambiri m'mudzi mwathu ndi za ahedi, ndipo sizinaimbidwepo mlandu kwa anyakwawa.

Ulemerero umenewu sunabwere dzulo. Zambia italandira ufulu mu 1964, Chizungu chinakhala chilankhulo cha boma, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linachiika kukhala chophunzitsira kuyambira giredi 1. Mu 2014 ana a magiredi oyamba anabwereranso ku zilankhulo za kwawo, ndipo Chinyanja n'chimodzi mwa zisanu ndi ziwiri zimene boma limagwiritsa ntchito m'masukulu ndi pa wailesi. Koma mapepala ofunika sanamve nawo uthengawo. Mu 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse. Misonkhano inachuluka, ndipo tonse tinagona tili alimi n'kudzuka tili ma beneficiary.

Apa ndiye kuseka kumandithera pang'ono. Amayi a kalabu amasonkha ndalama kuti alipire mnyamata wowalembera fomu yopemphera thandizo lawo lomwe. Mlimi wa thonje amadinda chala pa pepala la ngongole losamva liwu ndi limodzi, n'kudzamva tanthauzo lake tsiku lokolola, anthu atabwera kudzawerengera. Pomwe kumalire a Chanida, wamalonda wa ku Mozambique ndi wa kuno, wina wa Chipwitikizi wina wa Chizungu, amangosiya zonsezo n'kumvana mtengo wa nyemba m'Chichewa, osafuna womasulira. Osauka iwo, nkhani zawo zimatha tsiku lomwelo popanda ngakhale workshop.

Ife Achewa chinsinsi timachidziwa. Gule Wamkulu ali ndi mawu ake amene wosameta sangawamve, koma dambwe lili ndi khomo: munthu amagula njira, amalangizidwa, ndipo kuchokera pamenepo akumva zonse. Chizungu choumachi n'choposa pamenepo. Ungalipire sukulu zaka khumi ndi ziwiri, ukadzati walowa, umapeza asintha mawu. Chaka chatha anali sensitisation, chaka chino ndi engagement, ndipo fataleza ali pomwe anali.

Choncho ndikupempha kuti chuma chotere chisakhale cha ovala tayi okha. Anyakwawa, aitaneni ahedi atiphunzitse madzulo aliwonse, mbuzi zawo tiziwadyetsera ndife. Ikadzakwana nyengo yobweza ngongole, wapampando wa kopaletivu adzaimirire, akonze kukhosi, anene kuti nkhokwe zathu chaka chino zili impenetrable, zokolola zili obscure, ndipo kubweza kudzachitika in due course. Tidzabwereke womasulira yemwe uja, koma nkhuku tidzaphe ndife, kuti adzatembenukire alendowo mwaulemu wonse n'kuwauza kuti: "Mabwana, akuti mudikire."