Za Khoswe Amene Anagwidwa Kompyuta Itayamba Kuwerenga Shuga

Akatswiri a zamalonda akamafotokoza kukula kwa bizinesi amakonda kunena za mpamba ndi phindu, koma chizindikiro chodalirika kuposa zimenezi ndi malo amene mwini bizinesiyo amasungako chiwerengero cha katundu wake. Wa okala amachisunga m'mutu, wa golosale amachisunga m'kope la mwana wake limene masamba oyambirira akadali ndi masamu osachongedwa, ndipo amene wafika polemba antchito awiri ndi kugula laputopu ya kaunjika amachisamutsira mu spreadsheet, lomwe ndi tsamba la pakompyuta logawidwa m'timabokosi, mmene munthu amalembamo manambala n'kuuza makinawo kuti aphatikize kapena achotsere okha. Mlembi wa nkhani ino, amene ali ndi magolosale awiri ndipo amadziyesa munthu wa masamu chifukwa sanaphonyepo chenje, wadutsa m'magawo onsewa, choncho zolembedwa pano ndi zotsatira za kafukufuku amene anachitika pa iye mwini popanda chilolezo chake.

Spreadsheet yoyamba kutchuka pa makompyuta aang'ono inali VisiCalc, imene Dan Bricklin ndi Bob Frankston anaitulutsa mu 1979, ndipo pambuyo pake panabwera Lotus 1-2-3 mu 1983 ndi Excel mu 1985. Chimene chachititsa kuti chida chimenechi chikondedwe kwa zaka zonsezi ndi ulemu wake, pakuti sichitsutsa mwini wake ngakhale pang'ono. Munthu akalemba kuti mosungira katundu muli mabelo a shuga 40 pomwe muli 14, tsambalo limavomera mwakachetechete ngati mkamwini pamaso pa apongozi, n'kuwerengeratu phindu la mabelo 26 amene kulibe.

Mlembiyu amapeza chitonthozo poona kuti ulemu umenewu wagwetsapo anthu ophunzira kuposa iye. Mu October 2020 zinadziwika kuti bungwe la Public Health England linasiya kunja kwa chiwerengero anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19, chifukwa zotsatira za kuchipatala zinkasungidwa mu mtundu wakale wa fayilo wotchedwa XLS, umene umathera pa mizere 65,536, ndipo zopitirira pamenepo zinkangotayika popanda chenjezo. Chaka chomwecho zinadziwikanso kuti asayansi anasintha mayina a majini ena a m'thupi la munthu, monga MARCH1 amene anakhala MARCHF1, chifukwa tsambalo linkawayesa madeti a pakalendala. Ngati akatswiri a zaumoyo a ku England anapunthwa chotero, mlembiyu saona chifukwa chochitira manyazi kuti laputopu yake inali ndi mafayilo anayi otchedwa "Sitoko", "Sitoko yeniyeni", "Sitoko yeniyeni yomaliza" ndi "Musakhudze iyi", onse otsutsana, ndiponso kuti yoona inali pa fulashi imene mphwake anaiwala m'thumba la buluku lochapidwa.

Vuto limakula pamene golosale yachiwiri yatsegulidwa, ndipo apa mawu a akuluakulu akuti mapanga awiri avumbwitsa amakhudzanso makatoni a sopo. Katundu amachoka kuno kupita uko pa kabaza, wolandira amalemba mawa lake akakumbukira, wotumiza salemba konse, ndipo pakutha pa mwezi mabuku amaonetsa chuma chimene mashelefu sachidziwa. Mlembiyu, atasinkhasinkha mozama monga amachitira eni mabizinesi onse, anafika pa mfundo yakuti mwa antchito ake muli khoswe, ndipo anaganiza zogula msampha.

Msamphawo ndi pulogalamu yopangidwira kuyang'anira katundu ndi kayendetsedwe ka bizinesi, ya gulu la QuickBooks, Sage kapena Odoo, pomwe makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito zonga SAP ya ku Germany. Imasiyana ndi spreadsheet pa mfundo yakuti masitolo onse amalemba m'nkhokwe imodzi ya chiwerengero, kotero kuti paketi ya mchere ikagulitsidwa kuno imachotsedwa nthawi yomweyo m'buku limene aliyense akuliona. Imawerenga barcode, timizere takuda ta pa paketi timene tinayamba kugwiritsidwa ntchito m'sitolo mu 1974 ku Troy, m'chigawo cha Ohio, pa paketi ya chingamu, ndipo imachenjeza katundu akatsala pang'ono kutha kuti munthu akaode nthawi ikadalipo. Chofunika koposa, chimene wogulitsa pulogalamuyo anachifotokoza mlembiyu akuganizira za mtengo, n'chakuti aliyense amalowamo ndi dzina lake ndi nambala yake yachinsinsi, ndipo chilichonse chimene wasintha chimasungidwa pamodzi ndi tsiku ndi ola.

Kusamukako kunafuna kuti katundu yense ayambe wawerengedwa ndi manja, ntchito imene inatha usiku ndi kuwala kwa tochi ya pafoni, ndipo inavumbula zitini za nsomba zimene zinapitirira tsiku lake mlembiyu asanayambe imvi. Kunafunanso bandulo, magetsi ndi ndalama yolipira mwezi ndi mwezi, zimene iye anazilandira monga mtengo wa chilungamo.

Lipoti loyamba linatuluka pakutha pa mwezi, ndipo mlembiyu anaitanitsa antchito onse kuti liwerengedwe poyera, atakonzeratu mawu okhudza kukhulupirika ndi vesi loyenera. Pa tsamba la katundu wotuluka popanda ndalama panali dzina limodzi lokha kuyambira pamwamba mpaka pansi. Panali shuga wa Lolemba m'mawa amene anapita kunyumba, botolo la mafuta ophikira la apongozi, ufa wa pamaliro a kwa aneba, fanta wa alendo a kumpingo, ndi ngongole ya alamu imene inalembedwa kuti "adzapereka akagulitsa fodya", ngakhale alamuwo sanalimepo fodya chibadwire. Khoswe anali atakhala pamkhate, ndipo aliyense m'chipindamo anaona kuti sangapheke chifukwa ndiye amalipira malipiro. Msonkhanowo unatsekedwa ndi pemphero lalifupi kwambiri.

Pakali pano mtsikana wa pakauntala, amene kale ankaimirira mlembiyu akalowa, amamuuza mwaulemu kuti makina akukana, ndipo mlembiyu amaima pamzere m'golosale yake kumbuyo kwa ana ogula maswiti, n'kulipira shuga wake ndi kulandira risiti. Fayilo ya "Musakhudze iyi" sanaifufute, ndipo usiku wina akazi ake akagona amatsegula laputopu ija n'kuyang'ana mabelo ake 40, amene akadali onse m'kabokosi kawo.