Tsabola wa 1938 akuwawabe

Amati tsabola wakale sawawa, ndipo achinyamata amaukonda mwambiwu chifukwa umatontholetsa nkhalamba msanga. Koma posachedwapa, anthu ali mkati mokangana pa Facebook za amene aberedwa mphoto za Oscar, ndinaonera filimu ya mu 1938 yotchedwa Bringing Up Baby, ya zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mwambiwu ndayamba kuukayikira.

Nkhani ya filimuyi mutaifotokozera munthu wabwinobwino, akhoza kuyamba kukufunirani mankhwala. Cary Grant ndi David Huxley, katswiri wamagalasi amene watha zaka 4 akulumikiza mafupa a dinosaur, abale ake a chinyama chija amachionetsa ku Karonga. Latsala fupa limodzi. Mawa lake ndi ukwati wake, komanso akusaka mayi wina wachuma kuti apereke madola 1 miliyoni kunyumba yosungira zinthu zakale kumene iye amagwira ntchito. Apa ndi pamene akumana ndi Susan Vance, yemwe ndi Katharine Hepburn, mwana wa kubanja lolemera amene ukamuuza kuti ayi amamva kuti tiyeni. Susan ali ndi kambuku woweta dzina lake Baby, amene mchimwene wake wamutumiza kuchokera ku Brazil. Ku Brazil kulibe akambuku a mtundu umenewo, koma musafunse, filimuyi ilibe nthawi yoyankha mafunso.

Awiriwa anyamula kambuku uja pagalimoto ulendo wa ku Connecticut. Atafika, Susan atumiza dala zovala za David kochapitsa kuti asathawe, ndipo bambo wophunzirayo atsala ndi mkanjo wogonera wa akazi, wa nthenga m'mikono. Azakhali ake a Susan atulukira n'kumupeza momwemo. Azakhaliwo ndi mayi wa miliyoni uja. Galu wawo George aba fupa lija, limene David wangolilandira kumene, n'kukalikwirira, ndiye katswiri wa sayansi ayamba kulondola galu paliponse, kukumba pamene galu wakumba, n'kumafukula nsapato zakale. Baby athawa. Pomusaka, awiriwa atsegulira kambuku wina, wolusa, wa anthu oonetsa masewera a nyama. Pofika pakati pa usiku pafupifupi aliyense ali m'chitokosi, ndipo Susan akulowa kupolisi akukoka kambuku wolusayo ndi chingwe, uku akumukalipira, poganiza kuti ndi Baby. Za mafupa a zaka 4 aja, ingodziwani kuti Susan anakwera makwerero pafupi nawo.

Chodabwitsa n'chakuti tsabolayu atangothyoledwa kumene, anthu sanamumve kuwawa. Kampani ya RKO inawonongerapo madola oposa 1 miliyoni, mwa zina chifukwa ntchito inkachedwa: Grant ndi Hepburn ankangofa ndi phwete pakati pojambula. Filimu itatuluka mu February 1938, ndalamazo sizinabwerere. Patangopita miyezi yochepa, eni nyumba zoonetsera mafilimu analengeza m'nyuzipepala mayina a akatswiri amene ankati amathamangitsa makasitomala, ndipo la Hepburn linali pomwepo. Mayiyo anatulutsa ndalama m'thumba mwake kuti RKO imumasule. Ku Oscar nako, mafilimu 10 anapikisana pa mphoto yaikulu ya chaka chimenecho, koma Bringing Up Baby sinatchulidwe m'gawo lililonse.

Tisawanamizire oweruzawo kuti amadana ndi nthabwala. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, It Happened One Night ya mu 1934 inakolola mphoto zonse zazikulu 5. Ngakhale imene inapambana pa mafilimu a 1938, You Can't Take It With You ya Frank Capra, inali yoseketsa. Koma ya Capra imakuseketsa kenako n'kukukhazika pansi kuti ikuphunzitse zoti chuma si moyo. Bringing Up Baby, imene anaitsogolera Howard Hawks, sikuphunzitsa chilichonse, mwina kupatula kuti fupa lamtengo wapatali usalisiye pamene pali galu. Mphoto ya mwamuna wosewera bwino inapita kwa Spencer Tracy, amene mu Boys Town anali wansembe wolera anyamata osowa pokhala. Mbali ino wansembe, mbali inayo bambo wovala mkanjo wa akazi. Mlandu wotere sugona.

Apa ndiye nthabwala zimandithera pang'ono. Oweruza mphoto amadziwa tsabola wa mtundu umodzi, wotulutsa misozi. Cary Grant, amene ankatha kugwa pansi mwaulemu kuposa munthu wina aliyense mu Hollywood, anapikisana nawo pa Oscar kawiri kokha, pa Penny Serenade ya mu 1941 ndi None But the Lonely Heart ya mu 1944, zonse zachisoni. Hawks anapikisana kamodzi, pa Sergeant York, filimu ya msilikali. His Girl Friday, imene awiriwa anapanga mu 1940, nayo inabwerako chimanjamanja. Komatu kuliza munthu n'kosavuta, maliro ndi nyimbo yapansipansi zimakwanira. Kuseketsa kumafuna kuti mawu agwe panthawi yake yeniyeni, ndipo ukachedwa pang'ono pokha, holo yonse ili zii. Ntchito imeneyi ikagwirika bwino imaoneka ngati masewera, ndiye woigwira amalipidwa ngati wosewera.

Hawks mwiniwake, atakula, ankati cholakwika cha filimuyi n'chakuti munalibe munthu ndi mmodzi yemwe wamutu wabwino. Agogo, pamenepo mundikhululukire, sindikuvomerezani. Wapolisi ndi wozungulira mutu, dokotala wa misala ndi wozungulira mutu, azakhali chimodzimodzi, ndipo ukali wa tsabolayu uli pomwepo.

Tsono anauma, n'kuyamba kuluma. Wailesi za kanema zitafala, anthu anaipezanso filimuyi, olemba za mafilimu a ku France n'kuyamba kumutenga Hawks ngati mmisiri weniweni. Mu 1972 Peter Bogdanovich anapanga What's Up, Doc? motsanzira mwadala Bringing Up Baby. Mu 1990 Library of Congress inaiika m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa. American Film Institute itasanja mafilimu 100 opambana a ku America mu 1998, inaiika pa nambala 97. Posanjanso mu 2007 inali pa 88. Tsabola wokalamba akukwera, ena atsopano akutsika.

A Oscar anadzabwera ndi chipepeso: mphoto yaulemu kwa Grant mu 1970, kwa Hawks mu 1975, imvi zili mbuu. Hepburn, wothamangitsa makasitomala uja, anapambana ma Oscar 4 pa moyo wake wonse, ndipo palibe wosewera wina amene wafikapo. Sanapiteko ngakhale kamodzi kukalandira.