Bishopu wobwera pa sitima

Ku Netherlands mphatso sizidikira Khirisimasi. Zimagawidwa madzulo a pa 5 Disembala, ndipo mwini ntchitoyo ndi Sinterklaas, bishopu wa ndevu zoyera amene amafika pa sitima yapamadzi pakati pa Novembala, wailesi yakanema ikuonetsa dziko lonse. Akuti amachokera ku Spain. Nikolasi Woyera weniweniyo anali bishopu wa ku Myra, komwe lero ndi ku Turkey, koma palibe amene anamufunsapo pasipoti.

Mwana wosamva ankamuopseza kuti amuika m'thumba n'kupita naye ku Spain. Kale mawuwa ankaluma, pajatu Adatchi anamenyana ndi Spain kuyambira 1568 mpaka 1648. Lero Spain ndi kumene amakaothera dzuwa pa holide. Bambo wina atakalipira mwana wake choncho, kamwanako kanangoti: "Adadi, tinyamuka liti? Nditenge zosambira?"

Usiku ana amasiya nsapato pafupi ndi chumuni, m'kati muli karoti ya hatchi yoyera ya bishopuyo, imene akuti imayenda pa madenga. Kukacha karoti mulibe, muli chokoleti. Kamnyamata kena kataona kuti nsapato yake ndi yaing'ono, kanakaikapo jombo ya bambo ake. Mayi ake anangoti kukamwa yasa: "Mwezi uno ndatafuna kale makaroti kuposa hatchiyo."

Chokoleticho chimaumbidwa ngati chilembo choyamba cha dzina lako. Opanga amati zilembo zonse zimalemera mofanana. Kauzeni zimenezo mwana amene walandira I mlongo wake atanyamula M.

Akuluakulu amachita mayere, aliyense n'kugulira mphatso amene wamugwera, n'kumulembera ndakatulo yomunyogodola yosainidwa ndi Sinterklaas. Wolandirayo amaiwerenga yekha mokweza, abale onse ali chete. Mkulu wina atafika pa ndime ya masokosi onunkha osiyidwa pansi pa bedi, anavula magalasi nati: "Bishopuyu amalemba ngati akazi anga."

Ndiye pali Zwarte Piet, wantchito wa bishopuyo, amene anatchuka ndi buku la Jan Schenkman la mu 1850. Azungu ankadzipaka nkhope yonse bii kuti akhale Zwarte Piet, ndipo anthu atadandaula kuti ndi tsankho, yankho linali lakuti wada ndi mwaye wa m'chumuni. Wina anafunsa: "Chumuni chanji chodetsa nkhope yokha, kufiiritsa milomo, n'kuchapa malaya?" Masiku ano m'mizinda yambiri Piet amangopakidwa timizere ta mwaye m'masaya.