Apongozi alowa m'thumba mwanga

Kale ukakumana ndi apongozi aakazi panjira unkapatukira kutchire, moni n'kumapatsana mutafulatirana, chisoso chikukumata m'miyendo. Ine ndidakulira mwambo umenewo. Tsono tandiuzani, munthu umapatukira kuti apongozi akatulukira pafoni, nkhope yawo itadzaza galasi lonse, iwe uli chifuwa pamtunda ku Senga Bay ukuyanika usipa pathandala?

Zandionekera Lachiwiri lapitali. Mdzukulu wina wosamva kwawo ku Ntchisi wawaphunzitsa kuimba foni yoonana pa WhatsApp, ndipo ine ndidayankha ndisanaone dzina. Ndidagwada pamchenga pomwepo, foni ndaigwira ndi manja awiri, nkhope ndalozetsa kuchilumba cha Namalenje. Asodzi anzanga ankaganiza kuti ndayamba mapemphero.

"Akamwini, bwanji ndikungoona khutu?"

"Ndi netiweki, amayi," ndidatero.

Agogo anga adali ndi mwayi. Ali kumigodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, kalata inkayenda milungu, ndipo aliyense wopempha bulangete ankamva yankho limodzi: kalata sidafike. Maliro tinkamvera pa wailesi ya MBC, nthawi zina anthu ataika kale. Lero uthenga ukangowerengedwa, timizere tiwiri tabuluu timakuneneza ngati mboni pabwalo la amfumu. Ndipo chibwerereni Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, mawu aja otipulumutsa akuti "ndikapeza wobwera kumeneko ndidzampatsira" adafa osaikidwa.

Koma ndisanamizire foni zonse, moto ndidauyatsa ndekha. Mwezi watha ndidajambulitsa nditatsamira boti la injini la bwana wina, dzanja lina nditanyamula chambo chobwereka, n'kuponya chithunzicho pagulu la banja lathu. Ndinkangofuna kuti mlamu wanga wa ku Johannesburg, yemwe ndimamufulasha kawiri pamlungu kuti aimbe ndi mayunitsi ake, adziwe kuti nafenso kuno tikudya. Dzuwa lisanalowe ndidapeza abale amene sindidawamvepo chibadwire. Wina wa ku Mchinji akuti agogo athu adayamwa bere limodzi, ndipo mwana wake wathamangitsidwa fizi. Wina sadapereke n'moni womwe, adangotumiza nambala.

Palibe adafunsa za mwera, mphepo ija imatikhazika kumtunda masiku angapo mu June ndi July, tikusoka maukonde ndi kudyera nsima masamba a chinangwa, nyanja ili poteropo.

Apongozi aja tidacheza mphindi zisanu ndi ziwiri, kuposa mawu onse amene tidalankhulana chikwatirireni mwana wawo. Adafunsa za ana, ndidafunsa za mwendo wawo, ndipo kunena zoona mtima udakoma.

Usiku, tili pamphasa imodzi, mayi a kunyumba adanditumizira uthenga m'malo mongotembenuka: "Amayi akuti khutu lanu lanenepa. Feteleza wa chaka chino ndi wanu."