Mmene Mungawonongere Khoma ndi Penti wa Bolodi

Mukafuna kuti penti wa bolodi amene mwagulira ana apite pachabe, yambirani pa pulasitala wa dzana. Simenti imafuna masiku pafupifupi 28 kuti ikhwime. Mukapaka isanatero, chinyezi chimakankha penti kuchokera mkati, iye n'kuchita matuza, n'kusupuka. Ngati khomalo ndi lalaimu, musalipale: penti adzagwira laimuyo, ndipo zidzayoyokera limodzi.

Kenako sandipepa musamukhudze. Apa ndi pamene pali chiwonongeko chenicheni. Pulasitala wokhakhala amadya choko ngati mwala wonolera mpeni. Mzere umadukaduka, fumbi limalowa m'timaenje, ndipo dasitala salitulutsa. Mwana wa Sitandade 1 akayesa kuzungulitsa "a" pakhoma lotere, dzanja limagwedera, chilembo chimatuluka chopindika. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwanayo saganizira khoma. Amaganiza kuti iyeyo ndiye sadziwa kulemba, ndipo mawa lake choko sachifunanso. Andakoti mudumphenso, kuti khoma limwe penti kwina kwambiri, kwina pang'ono.

Mukatsegula chitini musatakase. Tinthu tokhakhala timene timagwira choko timadikha pansi, choncho mudzapaka zapamwamba zonyezimira, choko n'kumangoterereka. Thiraninso thina wambiri kuti penti achuluke. Kapena pakani kamodzi kokha mokhuthala, m'malo mwa kawiri kapena katatu mopyapyala, makamaka mu Januwale mvula ili mkati, mawindo ali otseka. Adzachucha, adzachedwa kuuma, ndipo fungo lidzagona m'nyumba pamodzi ndi ana.

Kukacha lembanipo. Penti ameneyu amafuna masiku atatu, ndipo asanalembedwe, pamayenera kukhutizidwa choko chogoneka ponseponse n'kufufuta. Mukadumpha zimenezi, mawu oyambawo adzakhala akuonekabe pansi pa zonse zimene zidzalembedwe. Nsalu yonyowa m'sabata yoyamba imamalizitsa ntchito, ndipo makrayoni amasiya phula limene choko sichigwirapo.

Pa nkhani ya malo, sankhani kumutu kwa bedi la mwana wa mphumu, kumene fumbi la choko lizimugwera. Chipinda cha windo laling'ono nacho chimawonongeka msanga, chifukwa khoma lakuda limameza kuwala, ndipo magetsi akazima kandulo imodzi sikwaniranso kuwerengera. Ngati nyumba ndi yalendi, pakani osawauza eni ake. Tsiku losamuka mudzagula andakoti ndi penti woyera wopaka kangapo, chifukwa wakuda sabisika ndi kupaka kamodzi.