Safunsa Wamakono Amayenda ndi Bandulo

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Safunsayo anapatsidwa chisa cha njuchi, ndipo poopa kuoneka mlendo sanafunse kuti chodya n'chiti. Anangoluma, n'kumatafuna phula mpaka nsagwada kuwawa, uku akugwedeza mutu kuti n'zokoma. Ine ndinkayesa kuti mwambiwu unapuma pa ntchito, pakuti lero ndani safunsa? Tili ndi Google, tili ndi YouTube, tili ndi magulu a WhatsApp momwe aliyense ndi dokotala m'mawa, loya masana, injiniya usiku. Koma phula ndinalidya ine, m'foni muli bandulo ya mwezi wathunthu.

Zinayamba mu 2022, namondwe Ana atawononga damu la ku Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Ife a ku Area 12 mu Lilongwe tinaudziwa mdima. Ndikati ife, ndikunena ochita lendi kanyumba kakuseri, amene tikafunsidwa kumene timakhala timangoti "ku 12" n'kusintha nkhani. Eni nyumba yaikulu ankaliza jenereta. Kuwala kunali kwawo, utsi ndi phokoso tinkagawana.

Usiku wina magetsi atabwera tinaonera The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya 2019 ya Chiwetel Ejiofor, ija Chichewa chake chimafuna kutchera khutu ngati wailesi yakutha mabatire. Nkhani yake mukuidziwa. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, Kasungu, anasiya sukulu ku Kachokolo atasowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ali ndi zaka 14 anamanga makina a magetsi a mphepo ndi mitengo ya bulugamu, njinga yakutha ya bambo ake, fani ya thirakitala ndi mapaipi a pulasitiki. Anthu ankati wapenga, mpaka babu linayaka. Mu 2007 anali akulankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America.

Filimu isanathe n'komwe, ndinali nditagamula kale. Ngati mwana wa fomu wani anatha, nanga ine wa digiri, wa tayi, wokwera masitepe a ku Capital Hill tsiku ndi tsiku?

"Mwafunsako kwa odziwa, bambo a mwana?" anatero mayi a kunyumba.

Ndinawaonetsa foni. Mavidiyo khumi ndi awiri ndinali nditaonera. Mwa onsewo, amene anandigwira mtima anali mzungu wina wa ndevu, ataima pa chidikha chopanda mtengo ngakhale umodzi, jekete likukupiza, akukuwa kuti mawu ake amveke. Ndinaona mawaya ake, ndinaona mabawuti ake, ndinalemba zonse m'kope. Chimene chinkamukuwitsa ndicho sindinachione.

Loweruka ndinatsikira ku Old Town. Cha ku Malangalanga, kwa anyamata a masipeyala, ndinagula alitineta yakale ya galimoto.

"Ndi ya galimoto yanji, biggie?"

"Si ya galimoto. Ndi ya mphepo."

Mnyamatayo anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, koma anaona kuti ndalama ndawerenga kale, ndiye anatseka. Sindimuimba mlandu, nayenso ali ndi ana. Ndinagula paipi yonenepa ya PVC, batire la galimoto, waya ndi babu. Wowotcherera wina anandilumikizira zitsulo osafunsa kanthu, pakuti anthu amenewa anaona zambiri. Paipi inawoloka mlatho wa Lilongwe pa kabaza, ikuopseza makutu a anthu mbali zonse ziwiri.

Masabata awiri ndinacheka mapiko atatu, kupala, kumanga. Tinadzutsa mlongoti wa bulugamu wa mamita asanu, ine ndi alonda a panyumbapo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula amene ankangoti "chabwino, bwana" pa chilichonse. Ana a eni nyumba anabwera kudzaonerera. Ndinaimirira chapatali, manja m'chiuno, ndikukonzekera mumtima zimene ndidzauze atolankhani.

Mapiko anazungulira kamodzi ndi theka, mwaulesi ngati munthu wovundula nsima ya alendo osawafuna, kenako anaima. Mawa lake anapuma. Mkuja mpheta inaterapo.

Mu Julayi mwera utalimba, anayamba kuzungulirako ndithu, koma babu silinaphethire n'komwe. Choipa kwambiri, batire limene ndinagula lodzaza linapezeka lafwifwa. Apa m'pamene ndinakafunsa munthu wa mnofu ndi magazi, makaniko wa zamagetsi a galimoto, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi pa tayala. Alitineta, iye anati, inapangidwira injini. Imafuna kuzungulira koposa 1,000 pa mphindi kuti iyambe kutchaja, ndipo ilibe maginito akeake: imayamba yakoka moto ku batire kuti ipange mphamvu ya maginitoyo. Ikamazungulira mwaulemu ngati yanga ija, imangodya osabweza. Ndiye kuti ine, pa ndalama zanga, ndinamanga makina ogwiritsa ntchito mphepo pomaliza magetsi.

Ndipo mphepo nayo ili ndi masamu ake ouma mtima. Liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kasanu ndi katatu. Likatsika ndi theka, mumatsala ndi gawo limodzi mwa asanu ndi atatu. Kamphepo kokoma kaja kogwedeza makatani, kamene timati "kunja kukupita mphepo", kwa makina ndi moni chabe. Odziwa amati mapiko azikhala pafupifupi mamita khumi pamwamba pa mtengo kapena nyumba iliyonse yoyandikira. Tsono taganizirani ma Area athuwa, 10, 12, 43: mpanda wa njerwa wotalika kuposa munthu, mitengo ya jakaranda ndi mango yakalekale, nyumba zokhala ngati matchalitchi. Tinamanga mipanda kuti akuba asalowe, ndipo mphepo inamvera lamulolo kuposa akubawo.

Kamkwamba amene ndinkamutsanzira uja anali mfunsi wamkulu. Buku la Using Energy analipeza mu laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, ndipo Chingerezi chikamukanika ankafunsa mayi woyang'anira mabuku, n'kumatsatira zithunzi. Anayamba ndi kamakina kakang'ono koyesera. Anagwiritsa ntchito dayinamo ya njinga, imene ili ndi maginito ake ndipo sipempha kanthu kwa batire. Komanso mphepo ya kwawo ankaidziwa, anakulira nayo m'minda yoyera mbee. Ine ndinatengako mlongoti wokha.

Mvula yoyamba ya mu Novembala inabwera ndi chimphepo chausiku. Ndinadzidzimuka ndi kulira kwachilendo padenga, ngati ndege ikunyamuka ku Lumbadzi. Makina anga anali atadzuka! Ndinathamangira pa zenera, ndipo babu lija, limene ndinalilumikiza ku batire lobwereka, linaoneka ngati lawalirako pang'ono. Mayi a kunyumba amati inali mphezi. Nkhaniyi sitinaimalize mpaka lero. Kenako kunamveka phwaa, ndi agalu a kuseri kwa mpanda.

M'mawa alonda anagogoda, phiko limodzi lili paphewa.

"Bwana, ndege yanu yatera kwa aneba. Akuti mukatenge nokha linalo, lili pa galimoto."

Titakhala pa khonde ndikuwerengera mtengo wa galasi la galimoto ya eni ake, bamboyo anayang'ana mlongoti uja nati, "Kwathu ku Kasungu mphepo imayenda pansi, mpaka kukulanda chipewa. Kuno imadutsa pamwamba pa mitengo. Mukanangomanga jumbo kunsonga ya nsungwi, n'kuiyang'ana sabata imodzi, ikanakuuzani."

"Nanga bwanji simunanene, madala, tikudzutsa limodzi mtengowu?"

"Munkafunsa foni, bwana. Ine ndinaona ngati muli pa msonkhano."

Mlongoti ulipobe. Pamwamba pake pali kasola kakang'ono kamene ndinagula ku Old Town komweko, nditafunsa anthu anayi ndi alonda kawiri. Kamayatsa mababu atatu ndi kutchaja mafoni. Chapakati pake mayi a kunyumba anamangapo chingwe choyanikira zovala, ndipo akuti pa zonse zimene ndinawagulira chikwatirane, mtengo umenewu ndiwo sunawakhumudwitsepo.